LINGA LIKAFIKA PAKATI

Mawu a mwezi uno: werengani Nehemiya mutu 4 ndi mutu 6

 Mtendere ukhale nanu m'nyumba za mabwana mmene mukugwira ntchito, m'magaladeni, m'masitolo ndi pamalo omanga. Ukhalenso ndi inu amene mwezi uno mukadali kuyendayenda kufuna ganyu.

Mwezi uno tiyeni tione munthu mmodzi wa m'Baibulo amene anali wantchito wa m'nyumba ngati ambiri a ife. Dzina lake ndi Nehemiya. Timamudziwa kuti ndiye anamanga linga la Yerusalemu, koma asanagwire mwala ndi umodzi womwe, iye anali wopereka chikho kwa mfumu Aritasasta ya ku Perisiya, mumzinda wa Susani, kumene lero kuli dziko la Iran. Ntchito yake inali kuima pafupi ndi tebulo ndi kupereka vinyo kwa bwana. Ankadya bwino, ankavala bwino, koma nyumbayo sinali yake, tebulonso silinali lake, ndipo dzikolo linali la eni. Ife amene timasita malaya a eni ndi kulera ana a eni sitisowa wotimasulira za munthu ameneyu.

Cha m'ma 445 Yesu asanabadwe, m'bale wake Hanani anafika kuchokera ku Yuda. Nehemiya anachita zimene tonsefe timachita basi ikafika ku Park Station: kufunsa za kumudzi. Nkhani imene anamva inali yowawa. Anthu anali pa mavuto ndi manyazi, linga linali chigumukire, zipata zinali zitapsa ndi moto. Mzindawo anaugumula ndi Nebukadinezara zaka pafupifupi 140 m'mbuyomo. Ndipo mukawerenga Ezara mutu 4 mupeza kuti ena anayesapo kumanganso, koma adani analembera mfumu kalata, ntchito n'kuletsedwa mwankhanza. Mfumu imene inaletsayo ndi Aritasasta yemweyo amene Nehemiya ankamupatsa chikho. Taganizani abale anga. Chinthu chili pamtima pako, ndipo munthu amene anachitseka ndi bwana wako amene umamuona tsiku ndi tsiku.

Nehemiya sanathamange. Anamva nkhaniyi mwezi wa Kisilevi, anayankhula ndi mfumu mwezi wa Nisani. Pakati pamenepo pali miyezi inayi. Miyezi inayi akupemphera, akusala kudya, koma m'mawa uliwonse akupitabe kuntchito. Tsiku limene mfumu inaona kuti nkhope yake yagwa n'kumufunsa chimene akufuna, iye sanachite chibwibwi. Anali atadziwa kale nthawi imene adzabwerere. Anapempha makalata odutsira m'zigawo za abwanamkubwa, amene ife tingati mapepala. Anapemphanso kalata yopita kwa Asafu, woyang'anira nkhalango ya mfumu, kuti akampatse mitengo ya zipata. Munthu ameneyu popemphera ankawerengeranso. Atafika ku Yerusalemu anakhala masiku atatu osauza munthu, kenako usiku anakwera nyama yake kukayendera linga lonse, mpaka anafika pena pamene zogumuka zinachuluka nyamayo n'kusowa podutsa. Anaona yekha kukula kwa ntchito asanaitane anthu. Ndanena izi chifukwa khama limene ndikulalikira si la munthu wotseka maso.

Tsopano aliyense wa ife ali ndi linga lake. Palibe amene anawoloka Mwanza, Nyamapanda ndi Beitbridge chifukwa chofuna kuona magetsi a Joni. Wina anabwera kuti amange nyumba ya malata. Wina kuti mwana amalize Fomu 4 ndi kupita ku koleji. Wina akusonkhanitsa mpamba wa golosale kapena chigayo. Mlongo wina akuphunzira kusoka Loweruka masana, m'bale wina akulimbana ndi layisensi yoyendetsera galimoto, wina akufuna kulembanso mayeso amene anawasiya ali mnyamata. Ndipo linga lililonse lili ndi Sanibalati wake.

Adani a Nehemiya anali atatu: Sanibalati Mhoroni, Tobiya Mwamoni ndi Gesemu Mwarabu. Chida chawo choyamba chinali kuseka. Sanibalati anaima pamaso pa anzake ndi asilikali a ku Samariya n'kuyamba kuwatcha Ayuda anthu ofooka, kufunsa ngati akuganiza kuti amaliza tsiku limodzi, ndiponso ngati miyala yopsa ndi moto ingabwerere kuntchito. Tobiya anawonjezera nthabwala yake, kuti linga lotero ngakhale nkhandwe itakwerapo likhoza kugwa.

Chimene chimapweteka pa munthu wonyoza n'chakuti nthawi zambiri sanama. Miyala inali yopsadi. Ayuda anali ochepadi. Omangawo sanali amisiri. Werengani mutu 3 muone: ansembe, osula golide, opanga mafuta onunkhira, amalonda, ndi Salumu amene anamanga pamodzi ndi ana ake aakazi. Manja opanga zonunkhira akusenza miyala! Akanakhala pano tikanaseka nafenso. Chimodzimodzi amene amakuuzani kuti munalekeza Sitandade 6, kuti zaka zapita, kuti malipiro a wantchito wa m'nyumba sangamange nyumba ya zipinda zitatu, sakunama pa zimene akuonazo. Koma akuwerenga mbali imodzi. Sanibalati anawerenga miyala, anawerenga anthu, Mulungu sanamuike m'chiwerengero.

Onaninso kuti asanaseke, Baibulo likuti anakwiya. Chinawapweteka kuyambira pachiyambi n'chakuti kwabwera munthu wofunira Aisraeli zabwino. Zaka zonse zimene linga linali pansi, Tobiya sanapange nthabwala ya nkhandwe. Anaipanga pamene mizere inayamba kukwera. Choncho mukamva akukusekani kumudzi kapena kuno, musafulumire kuganiza kuti mwalephera. Mwina aona kuti mwayamba.

Nehemiya sanapite ku Samariya kukayankha. Anakauza Mulungu kuti amve mmene akunyozedwera, ndipo pemphero lake linali lamoto, silinali laulemu ngati athu a m'tchalitchi. Atatha kupemphera anabwerera pa miyala. Ambiri a ife mphamvu zimathera poyankha. Usiku wonse pa foni, eyatayimu kutha, tulo osagona, kufotokozera mlamu amene sadzakhutira. M'mawa ukupita kukakolopa maso ali ofiira.

Koma mawu amene ndikufuna tikhalepo kwambiri ali pa 4:6 ndi 4:10. Pa ndime 6 tikumva kuti linga linalumikizana lonse ndi kufika theka la msinkhu wake, chifukwa anthu anagwira ntchito ndi mtima wonse. Titangodutsa ndime zitatu, pa ndime 10, anthu omwewo akudandaula kuti mphamvu za osenza zatha, milu ya dothi ndi zogumuka yachuluka, ndipo sangathe kumanga. Amene akuyankhula tsopano si Sanibalati. Si Tobiya. Ndi anthu a ku Yuda, eni ake a linga, amene dzulo ankaimba posenza.

Chasintha n'chiyani? Milu ya zogumuka inalipo kuyambira tsiku loyamba, ndipo tsiku loyambalo inali yaikulu kuposa pamenepa. Chasintha ndi pamene afika. Poyamba ntchito mtima umakhala wotentha. Pomaliza maso amaona mathero, miyendo n'kupeza mphamvu. Koma pakati, kutentha kwa poyamba kwazirala ndipo mathero sakuoneka. Amisiri amadziwanso kuti khoma likamakwera, mwala uliwonse umafunika kuukweza patali kuposa wadzulo, ndipo miyala yabwino imene inali pamwamba pa mulu yatha kale, yotsala ndi yofukula.

Mukadzapita kumudzi pa Khirisimasi mudzayang'ane m'mbali mwa msewu. Nyumba zosatha zambiri sizinaime pa maziko. Zinaima pa mawindo. Njerwa zafika pa mawindo chaka chachinayi, udzu wamera pabalaza, mbuzi zimagonamo, mafelemu achita dzimbiri. Mwini wake ali kuno, akamva dzina la nyumbayo amasintha nkhani. Ana ambiri a matchona sasiya sukulu ali Fomu 1, amasiya Fomu 2 kapena Fomu 3 pamene wotumiza fizi watopa. Satana alibe nazo ntchito zambiri pa tsiku lokumba maziko. Amadikira pa mawindo.

Ndipo sindikunena kuti kutopa kwathu n'kwabodza. Amene munali kuno mu Meyi 2008, pamene chipwirikiti chothamangitsa alendo chinayamba ku Alexandra n'kufalikira dziko lonse, anthu 62 n'kutaya miyoyo, mukudziwa kuti ena anathawa ndi zovala za m'thupi zokha, katundu wa zaka zambiri atapsa kapena kubedwa. Mu Malichi 2020 dziko linatsekedwa chifukwa cha Covid, mamadamu ambiri anati tisabwere, ndipo ndalama ya malata inagula ufa ndi kulipira lendi. Mu Malichi 2023 namondwe Freddy anagumula nyumba ku Chilobwe, ku Mulanje, ku Phalombe ndi madera ena a kummwera, anthu mazanamazana anamwalira, ndipo zina mwa nyumba zimene zinapita ndi matope zinamangidwa ndi thukuta la kuno. Mu Novembala chaka chomwecho kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti. Ena anasekerera kuti randi isintha bwino, koma mtengo wa simenti ndi malata unathamanga nawo. Iyi ndi milu yeniyeni ya zogumuka. Munthu amene wagwa m'zimenezi n'kunena kuti mphamvu zatha si wopanda chikhulupiriro. Watopa basi.

Pamwamba pa kutopako panabwera mantha. Adani anapangana kuti adzalowe mwadzidzidzi ndi kupha omanga. Ndipo amene anabweretsa uthengawu anali Ayuda anzawo okhala kufupi ndi adaniwo. Anabwera kakhumi konse kudzanena zomwezo. Kakhumi! Anthu amenewa sanali oipa. Ankawakonda abale awo, koma chifukwa chokhala moyandikana ndi Sanibalati, mawu a Sanibalati analowa m'kamwa mwawo. Tili nawo otere. Mayi anu amene amakukondani akuti, mwana wanga ingosiya, ubwere tizidya zomwezi. Mnzanu wa chipinda chimodzi akuti, aliyense amene anayesa sukulu ya usiku analephera. Sakufunirani zoipa, koma mukamva kakhumi mtima umayamba kuvomera.

Tsopano onani zimene Nehemiya anachita. Sanakalipire otopawo. Sanawauze kuti alape. Anasintha kagwiridwe ka ntchito. Anaika anthu m'malo otsika a linga monga mwa mabanja awo, ali ndi malupanga, mikondo ndi mauta. Anawakumbutsa za ukulu wa Ambuye, kenako anawakumbutsa amene akuwamenyera nkhondo: abale awo, ana awo aamuna ndi aakazi, akazi awo ndi nyumba zawo. Munthu wotopa sakusowa chiphunzitso chachitali. Akusowa kuona nkhope ya mwana wake. Inu amayi amene mwatopa ndi kutumiza fizi, tulutsani chithunzi cha mtsikana wanu atavala yunifolomu, muchiyang'ane musanagone.

Kuyambira tsiku limenelo, theka la anyamata a Nehemiya linkamanga, theka lina linkalondera. Osenza katundu ankagwira ntchito ndi dzanja limodzi, lina litagwira chida. Abale anga, munthu wosenza ndi dzanja limodzi safulumira. Ntchito inatsika liwiro. Koma sinaime. Apa ndi pamene ambiri timaphonya. Timaganiza kuti ngati sindingathe kutumiza matumba 20 a simenti ngati kale, ndiye bola ndisiye mpaka zinthu zidzakhale bwino. Zinthu sizikhala bwino zokha. Tumizani matumba awiri. Gulani malata atatu mwezi uno, muwasungitse kwa munthu wokhulupirika. Ngati fizi ya teremu yonse yakanika, imbirani foni ahedi mupangane kulipira pang'onopang'ono, mwana asakhale pakhomo. Akuluakulu anati pang'onopang'ono ndi mtolo.

Pa 4:9 pali chinthu china chimene sindifuna chitidutse. Anapemphera kwa Mulungu, ndiponso anaika alonda usana ndi usiku. Zonse ziwiri. Tamva misozi yambiri m'magulu athu ya anthu amene anatumiza ndalama zaka zitatu kwa mchimwene kapena malume, akulandira zithunzi za nyumba ya eni, atapita anakapeza puloti ili tchire. Pemphererani nyumba yanu, koma ikaninso mlonda. Sungani malisiti. Lipirani mmisiri ntchito ikafika pamene munapangana, osati yonse pachiyambi. Ngati n'kotheka lipirani kusitolo komweko, abale akangotenga katundu. Tumani munthu wachiwiri, mkulu wa mpingo kapena mnansi, akaone ndi maso. Mapepala a puloti akhale m'dzina lanu. Kuchita zimenezi si kukayikira Mulungu ndiponso si kunyoza abale. Nehemiya anali munthu wa pemphero kuposa ife tonse, koma ankagona ndi zovala zake, chida chili pafupi.

Panalinso woliza lipenga amene sankachoka pambali pa Nehemiya, chifukwa linga linali lalitali ndipo anthu anali otalikirana. Pangano linali lakuti kumene lipenga lalira, onse athamangire komweko. Ifenso ndife otalikirana. Wina ali ku Randburg, wina ku Pretoria, wina ku Durban, wina ku Cape Town, wina amagona kuntchito ndipo amatuluka Lamulungu lokha. Magulu athu a mapemphero ndiwo lipenga lathu. Koma lipenga limafuna woliza. Ena mumavutika chamumtima miyezi isanu ndi umodzi, ntchito inatha kalekale, lendi ili m'khosi, koma Lamulungu mumabwera mutatchena n'kumati zonse zili bwino mwa Ambuye. Tidziwa bwanji? Mutu umodzi susenza denga. Lizani, tibwere.

Mutu 5 ndi wochititsa manyazi, koma uli m'Baibulo ndipo sitiudumpha. Ntchito ili mkati, kunabuka kulira kwakukulu kwa anthu ndi akazi awo, osati chifukwa cha Sanibalati, koma chifukwa cha Ayuda anzawo. Kunali njala. Osauka anapinyolitsa minda, mipesa ndi nyumba kuti apeze chakudya ndi msonkho wa mfumu, ena mpaka ana awo aakazi anatengedwa ukapolo. Olemera ankakongoza mwa katapira kwa abale awo amene ankasenza nawo miyala pa linga lomwelo. Nehemiya anakwiya, anaitanitsa msonkhano, anawauza kuti abweze minda ndi chiwongoladzanja tsiku lomwelo. Iye mwini zaka 12 zimene anali bwanamkubwa sanadye chakudya chimene udindowo unkamulola kutolera kwa anthu, ngakhale pa tebulo lake pankadya anthu 150.

Kodi pakati pathu mulibe katapira? Mlongo wabwera kumene, alibe ntchito, ukumukongoza marandi 500 kuti abweze 750 pakutha pa mwezi, n'kumulanda pasipoti ngati chikole. Lachinayi mukugwirana manja popemphera. Ena mumalowa chipeleganyu, mukalandira gawo lanu foni n'kuzima. Nyumba za anzathu zina zaima pa mawindo chifukwa cha ife, osati chifukwa cha mfiti. Amene zikumukhudza akonze mwezi uno. Ndiponso apa tikuona kuti kupirira si kutseka pakamwa pamene ukuponderezedwa. Osauka aja analira mokweza ndipo Nehemiya anawamva. Ngati madamu sakukulipirani zimene munapangana, kunena mwaulemu ndi kufuna thandizo si kusowa chipiriro.

Tifike pa mutu 6. Linga latsala pang'ono, mipata yonse yatsekedwa, zatsala zitseko za pa zipata. Adani anaona kuti kuseka kwalephera, kuopseza kwalephera. Ndiye anasintha mawu, anakhala aulemu. Sanibalati ndi Gesemu anatumiza uthenga woti akumane akambirane ku chigwa cha Ono, makilomita oposa 30 kuchokera ku Yerusalemu. Nehemiya anadziwa kuti akufuna kumuchita chipongwe. Anawayankha kuti ali ndi ntchito yaikulu m'manja, ndipo sakuona chifukwa choti iime iye atapita kukacheza nawo. Anatumiza kanayi. Kanayi konse yankho linali lomwelo, sanawonjezere ndiponso sanapepese.

Ono wathu ndi wokoma m'maso. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndalama ya denga ikangokwana, pamabwera munthu ndi bizinesi yoti uike 5,000 ulandire 10,000 pa mwezi. Ena mukukumbukira MMM imene inagwa mu 2016 ndi ndalama za anthu. Pamabwera mwamuna wa mawu otsekemera amene akufuna umubwereke kaye pang'ono. Pamabwera foni yatsopano ya ngongole, ndi phwando limene aliyense akuyenera kusoketsa nsalu yofanana. Palibe amene amabwera n'kunena kuti ndikufuna nyumba yako isathe. Amati tiyeni tikambirane. Phunzirani kwa Nehemiya kuyankha mwachidule. Ndalama iyi ili ndi ntchito yake. Akabwera kachiwiri, ndalama iyi ili ndi ntchito yake. Simukuyenera kupeza chifukwa chatsopano ulendo uliwonse.

Kachisanu Sanibalati anatumiza kalata yosamata, kuti aliyense woigwira panjira awerenge. M'katimo munali bodza lakuti Nehemiya akufuna kugalukira mfumu ndi kudzilonga ufumu, ndipo anati Gesemu naye akuchitira umboni. Lero kalata yosamata imayenda pa WhatsApp. Mayi wosakwatiwa akakhoma malata kumudzi, amati ndalama zake n'za uhule. Bambo akagula chigayo, amati wakhwima. Bodza limeneli likanatha kumuphetsa Nehemiya, koma iye anangokana ndi mawu ochepa, kuti zimenezo azipeka okha, n'kupempha Mulungu kuti alimbitse manja ake. Sanapemphe kuti pakamwa pa anthu patsekedwe kaye. Anapempha manja.

Msampha womaliza ndi umene ndikuuopa kwambiri pakati pathu, ndipo ndiyankhula mosamala chifukwa ndimakhulupirira kuti Mulungu amayankhula ndi anthu ake. Nehemiya anapita kunyumba ya Semaya, munthu woyankhula ngati mneneri. Semaya anamuuza kuti adani akubwera usiku kudzamupha, choncho athawire m'Kachisi adzitsekere. Mawuwo ankamveka auzimu: m'nyumba ya Mulungu, kodi pali malo abwino oposa amenewo? Koma Nehemiya sanali wansembe, ndipo kulowa m'malo opatulikawo kukanakhala tchimo. Kuthawanso kukanafooketsa onse amene anali pa linga. Anakana, ndipo anazindikira kuti si Mulungu amene anatuma munthuyo, koma Tobiya ndi Sanibalati anamulipira. Panalinso mneneri wamkazi Nowadiya ndi ena amene ankamuopseza.

Abale anga, kuno ku Joni aneneri achuluka ngati masitolo. Muyese mawu awo monga anachitira Nehemiya. Ngati ulosi ukungokudzazani mantha, ukukuchotsani pa ntchito imene munaipempherera, ukukuuzani kuti mayi anu okubalani ndi amene akukulodzani ndipo musawatumizirenso kanthu, kenako ukumalizira pa kunena kuti ndalama ya malata muibweretse ngati mbewu kwa munthu wa Mulungu, imani kaye. Funsani kuti Mawu a Mulungu akuti chiyani, ndipo funsani kuti apindule ndani. Chopereka n'chabwino ndipo tizipereka mokondwera kumipingo yathu. Koma mdalitso sugulidwa, ndipo Mulungu amene anati tilemekeze atate ndi amayi sangatume munthu kudzatidanitsa nawo.

Linga linatha pa 25 mwezi wa Eluli, patatha masiku 52. Chimene chinagona pansi zaka zoposa 100 chinaimirira m'masiku osakwana miyezi iwiri, ndipo mitundu yozungulira inachita mantha pozindikira kuti Mulungu anali m'ntchitoyo. Ndisakunamizeni kuti lanu lidzathanso masiku 52. Ena zidzatitengera zaka zisanu, ena khumi. Koma pa mutu 12 pali chinthu chimene chimandisangalatsa nthawi zonse ndikawerenga. Tsiku lopatula linga, Nehemiya anakweza akuluakulu a Yuda pamwamba pake, n'kugawa makwaya awiri aakulu. Ina inayenda pamwamba pa linga kulowera kumanja, ina kumanzere, ndi malipenga ndi zoimbira, mpaka anakumana ku nyumba ya Mulungu. Amayi ndi ana anakondwera nawo, ndipo phokoso linamveka kutali. Limeneli ndi linga lomwe lija Tobiya anati silingapirire nkhandwe imodzi. Aleluya!

Tobiya yekha sanatope. Linga litatha anapitiriza kulemba makalata oopseza, ndipo anali ndi apongozi ndi abwenzi m'kati mwa mzinda amene ankamuyamikira pamaso pa Nehemiya ndi kukamuuza zonse zimene Nehemiya wanena. Patapita zaka, Nehemiya atabwerera kwa mfumu, wansembe Eliyasibu anampatsa Tobiya chipinda chachikulu m'bwalo la nyumba ya Mulungu, mmene kale ankasungiramo zopereka. Nehemiya pobweranso anataya katundu wake yense kunja n'kulamula kuti zipindazo ziyeretsedwe. Inu amene nyumba zanu zatha, ana anu amaliza sukulu, mudziwe kuti amene ankaseka aja ndi amene amayamba kupempha kiyi. Muwakhululukire ndi mtima wonse, muwapatse madzi akumwa ndi nsima, koma za kiyi ndi mapepala a nyumba mufunse nzeru kwa Mulungu.

Pa mapemphero a mwezi uno, gulu lililonse liwerenge mitu iwiriyi mokweza, ndipo amene akufuna atchule linga lake ndi pamene lafika, kuti anzake alipempherere potchula dzina. Zimene zanenedwa m'gulu zithere m'gulu. Tikumbukire makamaka alongo amene ntchito zawo zatha mabwana atasamuka, abale amene akudikira mapepala, ana athu amene akukonzekera mayeso a Fomu 4 kumudzi, ndi mabanja amene akumanganso pamene madzi anagumula. Amene ali ndi ngongole ya katapira kwa m'bale wa m'gulu, wokongoza ndi wokongola yemwe, aonane ndi atsogoleri mapemphero akatha.

Ambuye akusungeni nonse pa ntchito zanu ndi m'maulendo anu. Amen.